Mtengo wa pa Pepala

Dokotala Mwalabu sanayambe ndi jakisoni.
Anatenga pepala loyera, nati:
Tandiwerengereni anthu akwanu,
amoyo ndi ogona omwe.

Amuna anawajambula timabokosi,
akazi timiyezi tathunthu,
ndipo aliyense amene ndinati, uyunso ankagwedezeka,
anamudetsa ndi bolopeni
mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

Bambo, kabokosi kakuda.
Zaka makumi awiri akusanja zilembo kosindikiza mabuku,
kenaka zala zinayamba kuvina zokha.
Anawachotsa ntchito, ati kuledzera,
munthu wosalawa ngakhale thobwa logona.
Azakhali a Filesi, kamwezi kakuda.
Mbuzi zitatu zinathera kwa sing'anga wa ku Jali,
mphini thupi lonse ngati nsalu yosokedwa mobwereza.
Agogo aamuna anagwera mu Likangala madzi ali m'mawondo.
Apa bolopeni inaima kaye m'malere,
kenaka inaika chizindikiro cha funso.

Pambali panga Wedisoni, mlongo wanga,
phewa likudumpha ngati wina wamuitana kumbuyo,
phazi likuwomba ng'oma yopanda nyimbo.
Anali wakabaza, Chinamwali mpaka Matawale,
kufikira okwera atayamba kutsikira panjira
ndi kumulipira theka.

Magazi ake anakwera ndege kupita ku Joni,
mwini wake sanadutsepo ndi pa Mwanza pomwe.
Tinadikira miyezi inayi.
Mvula inagwa, inakata,
phiri linafunda nkhungu ndi kuivula,
ine ndikumumangira mabatani a malaya m'mawa uliwonse.

Yankho linabwera ndi dzina lachilendo, Hantingitoni.
Dokotala anati m'magazi muli kalata yochokera kwa makolo,
ndipo m'kalata yathu liwu limodzi linachita chibwibwi,
linabwerezedwa kopitirira muyeso,
kwa Wedisoni ka makumi anayi ndi kasanu ndi kamodzi.
Ochiritsa palibe. Alipo ochepetsa kugwedezekako.
Palibe anakulodzani, mayi.

Ndinalira, koma osati polirira Wedisoni.
Ndinalirira a Nasiyaya a kuseri kwa mpanda wathu,
amene tinawaloza chala pa maliro a bambo,
amene anamwalira osalandira moni wathu
zaka khumi ndi ziwiri.
Kodi pepani wa mochedwa chotere amakatula kuti?

Kenaka bolopeni inatsetsereka pang'ono,
n'kuima pa kamwezi koyera.
Uyu ndinu.
Zili ngati kuponya ndalama m'mwamba, mutu kapena tambala.
Ndipo pansi panga, atapachikika pa kamzere,
Nelia ndi Yosefe, oyera mbee.
Simukukakamizidwa kuyezetsa, anatero.
Ena amafuna kudziwa, ena amasankha kugona tulo.
Pitani mukaganize. Khomo ili silithawa.

Ndine telala ine, pakhonde la sitolo kumsika.
Tsiku langa limayamba ndi ulusi ndi bowo la singano.
Kale ndinkalowetsa ndikucheza, maso ali kumsewu.
Lero ndaphonya kamodzi.
Ndaphonyanso.
Ndi Juni uno, ndinadziuza, chisanu chatsika m'phiri,
aliyense zala zauma.
Ndinanyowetsa nsonga ndi malovu,
kachitatu unalowa,
ndipo ndinapalasa makina mwaukali
ngati ndikuthawa galu.

Pepala lija ndinalipinda kanayi,
lili m'kabati ya makina pamodzi ndi mabobini.
Dzulo Nelia analipeza pofuna choko.
Analiyala pabondo, nawerenga ndi chala,
nati: Amayi, amene ankapaka uyu anatopa eti?
Taonani, ambiri sanawamalize.
Anatulutsa makrayoni ake m'thumba la sukulu.
Inuyo mukufuna mtundu wanji?

Ndinamugwira dzanja.
Langa silinanjenjemere, ndinaliyang'anitsitsa.
Asiye choncho, mwanangu.
Asiye kaye choncho.